Ka pot cit sikapha tuzilombo

Mwe anthu a mu Lusaka, October uja wafika. Dzuwa likuwotcha, thukuta lili kamukamu, koma madzi simumwa. Weekend yonse ni mowa na nyama yootcha. Pa Monday m'mawa pokodza payamba kuwawa monga munthu wathirapo mpilipili. Manje muthamangira ku pharmacy, ati "nipatseniko ka pot cit."

Dzina lake lonse ni potassium citrate. Nchito yake ni kucepetsa asidi mu mkodzo, ndiye cifukwa cake kuwawa kuja kumazizira. Madokotala amapatsanso odwala miyala ya mu impso: citrate imagwira calcium kuti isaundane kukhala mwala, ndipo miyala ya uric acid imatha kusungunuka. Olo mu zakumwa zina za m'botolo ilimo, mukaona E332 pa label ni yomweyo.

Koma mvelani. Tuzilombo toyambitsa matenda a cikhodzodzo sikapha. Kuwawa kwaleka, imwe mwabwerera kukavina, uku matenda akukwera ku impso. Nthawi zina kuwawa pokodza ni matenda opatsirana pogonana, ndipo apo olo mutsirize botolo lonse palibe cimene mwacita.

Cinanso, muli potassium. Kwa munthu amene impso zinafooka, kapena amamwa mankhwala a BP monga enalapril, losartan na spironolactone, potassium ikaculuka m'magazi mtima umasokonezeka, ungaime. Ndiye osagawirako amalume botolo lanu, mwamva?

Kuwawa kukapitirira masiku awiri, kapena thupi latentha, msana ukuwawa, mkodzo uli na magazi, pitani ku kiliniki akapime mkodzo.