500 Si Njinga ya Amantha

Mu Lusaka muli bodza limene likutumiza anyamata ku UTH na ku Chingwere, ndipo amene amalifalitsa ni akulu-akulu a ndevu zawo. Bodza lake n'lakuti ukafuna njinga yamoto yaikulu uyambile pa 1000cc, cifukwa ciliconse cocepelapo ni coseweletsa. Mumawaona pa Sondo masana ataimika ma superbike awo pa filling station, akuliza injini monga kuti tonse ndife ogontha. Mnyamata akabwela mwaulemu n'kunena kuti, “Mdala, nayamba kusunga ndalama, niganiza za ka Rebel olo ka Vulcan,” amamuseka mpaka misozi. “Iwe boyi, iyo ni njinga ya bakazi. Pa miyezi itatu uzatopa nayo.” Mnyamata amacokapo na manyazi, ndipo manyaziwo ni amene amakamusankhila njinga.

Ine nimayendetsa Honda Rebel 500 ya second hand, caka cacitatu tsopano. Imagona mu sitting room ku Matero pafupi na filiji, cifukwa akawalala nawonso amaikonda. Conco mukambe kuti nikudziikila kumbuyo ngati mufuna. Koma manambala si anga.

Bajaj Boxer 150, imene anzathu amapelekela cakudya na maphasulo m'tauni, ili na horsepower pafupi-fupi 12. Rebel 500, imene Honda inayamba kugulitsa mu 2017, ili na injini ya 471cc ya masilinda awili, horsepower pafupi-fupi 46. Yamaha R1 ya masiku ano ili na 998cc, horsepower pafupi-fupi 200. Welengani mweka. Mnyamata wocoka pa Boxer kupita pa Rebel wawilikiza kale mphamvu pafupi-fupi ka 4, ndipo imeneyo si nkhani yaing'ono. Wocoka pa Boxer kupita pa R1 wawilikiza kuposa ka 16, na dzanja limodzi-modzilo limene linazolowela kupotola mafuta mpaka kumapeto kuti likwele ka citunda. Pa njinga za mtundu wa R1, giya yoyamba yokha imakupitilitsa 100 km pa ola. Ukalibe kusintha giya olo imodzi, wafika kale pa malile a liwilo a miseu yathu yambili ya kunja kwa tauni.

Pa 100 km pa ola umayenda mamita pafupi-fupi 28 pa sekondi iliyonse. Sekondi imene udabwa kuti minibasi yaima pakati pa mseu cifukwa kondakita waona pasinja, yakudyela mamita 28 ukalibe kugwila buleki. Ndipo liwilo likawilikiza kawili, mtunda woimila umawilikiza kanayi. Mbuzi ya ku Chongwe siidziwa kuti njinga yako unaigula zingati. Mdala wa malasha amene wamanga masaka atatu pa njinga yopalasa nayenso sayang'ana kumbuyo asanakhote.

Nambala ya 46 ija Honda sanaitole pamseu. Ku maiko a European Union, kuyambila mu 2013, kuli laisensi yochedwa A2, imene imalola njinga zosapitilila 35 kW, kutanthauza horsepower pafupi-fupi 47. Wacicepele amakhala pa A2 zaka ziwili asanaloledwe kukwela ciliconse, apo ayi ayembekeze mpaka akwanitse zaka 24. Rebel inapangidwa kuti ilowe ndendende m'malile amenewo. Ku Japan laisensi wamba ya njinga yamoto imathela pa 400cc, n'cifukwa cake ma Honda Steed 400 na ma Yamaha DragStar 400 ali mbwee pa misika ya second hand ya kumeneko. Anthu amene amapanga ma superbike salola ana awo kuyambila pa superbike. Miseu yawo ilibe maenje monga yathu, koma amaopa. Manje ise a mahampu opanda penti na maloboti ozima nthawi ya load shedding ndiye tikhale olimba mtima kuposa eni ake?

Kuno makalasi ni awili cabe: A1 ya njinga zofika pa 125cc, na A ya zonse zopitilila pamenepo. Pepala limene limakulola kukwela ka 150 n'lomwelo limene limakulola kukwela Suzuki Hayabusa ya 1340cc. Ine nimaona kuti RTSA ifunika kuikapo kalasi yapakati. Koma pamene lamulo likalibe kutelo, wotseka mpatawo ni munthu amene mnyamata amamufunsa nzelu. Ndiye cifukwa cake kuseka kuja kumanikalipitsa. Pa nthawi imeneyo mdala uja ndiye lamulo lonse limene mnyamata ali nalo.

Lekani nikambe cimene cruiser yapakati imacita kwa munthu woyamba, cifukwa oseka aja sanakhalepo pa mpando wake.

Wophunzila sakonda kugwa pa liwilo lalikulu. Amagwa pa liwilo la munthu woyenda pansi: potembenuka m'kanjila kothina, poima pa maloboti pamene pali mcenga, potuluka pa geti pamene ngalande yadya mseu. Njinga ikapendekeka pang'ono, cimene cimakupulumutsa ni phazi. Mpando wa Rebel uli pa mamilimita 690 kucokela pansi, wa Kawasaki Vulcan S pa 705. Munthu wamfupi amaponda na mapazi onse awili, osati na zala monga wovina. Pa superbike mpando umapitilila 800, ndipo umagona pa thanki, manja atanyamula thupi, khosi litapindika. Rebel imalema makilogilamu pafupi-fupi 190, si nthenga, koma kulema kwake kuli pansi pafupi na mawondo, conco ikafuna kugwa imakucenjeza. Injini yake imakoka bwino ikali pa kulila kwapansi. Ukasiya kilachi mosalongosoka imakukhululukila, siikuponya kutsogolo olo kuimilila na tayala limodzi. Umakhala mowongoka, maso ali pamwamba, ndipo umaona dzanja la ng'wang'wazi likuitana basi basiyo ikalibe kukhota. M'tauni muno kuona msanga n'kumene kumakufikitsa kunyumba.

Za “njinga ya bakazi” nilibe nazo mkangano. Ee, mtsikana wamfupi angaikwele n'kuiyendetsa bwino, ndipo n'nawaonapo akutelo. Ngati cimeneco ndiye citonzo, vuto lili m'mutu mwa wotonzayo.

Ndiyeno pali ija yakuti “uzatopa nayo.” Munthu amene watopa na 500 pa miyezi itatu amadziwa cinthu cimodzi cabe, kupotola mafuta pa mseu wowongoka, ndipo ici ngakhale mwana wa giledi 7 angacite. Mufunseni ngati angaimitse njinga mwadzidzidzi pa 60 popanda tayala kutsetseleka. Mufunseni ngati amadziwa kuti pa liwilo, kuti ukhotele kumanja umakankha cigwililo ca kumanja kutsogolo. Mufunseni ngati maso ake amayang'ana kumene afuna kupita, olo amakakamila pa dzenje limene akuliopa. Izi zimatenga zaka, ndipo umaziphunzila msanga pa njinga imene siikuopsa. Wamantha weniweni ni uja wa pa 1000cc amene amalowa pa kona thupi lili gwa, akupemphela, kenako pa mseu wowongoka n'kuliza injini kuti tiiwale zimene taona.

Ine Rebel yanifikitsapo ku Chipata, makilomita pafupi-fupi 570 pa Great East Road. Pa 100 injini imangong'ung'udza, ndipo mphamvu yopitilila thilaki imakhalapo ikali. Pa mapili a Manenekela, pamene mseu umapindika-pindika kutsikila ku Luangwa Bridge, sin'nalakelakepo horsepower ina. N'nali kufuna maso ena awili, a mathilaki odya mbali yanga pa makona. Lita imodzi imanipatsa makilomita opitilila 25, koma thanki ni ya malita 11 cabe, conco pa ulendo wautali siupitilila filling station uli na theka n'kumati nidzathila kutsogolo.

Sinikugulitsani njinga, conco zoipa zake nazonso mumve. Cruiser inapangidwila miseu yosalala ya ku America, ndipo komboni siikonda. Mimba yake ili pafupi na nthaka, ndipo mahampu ena amene anthu amadzimangila okha pafupi na nyumba zawo amaikwapula pansi mpaka mtima kuwawa. Mashoko akumbuyo ni aafupi, dzenje lililonse limafika ku msana. Pa njinga zimene mapazi amapondela kutsogolo kwambili, monga Vulcan S, n'kovuta kuimilila pang'ono kuti miyendo ilandile kugunda. Mu January, Kanyama ikasanduka dziwe, Boxer imadutsa ine nili ciimile kuganiza za njila ina. Matayala a Rebel ni onenepa, a mainchesi 16, ndipo siungawapeze pa shopu iliyonse. Sipeya ina umaitanitsa ku South Africa n'kuyembekezela mawiki. Ngati njinga uifunila nchito, yopelekela katundu kucokela m'mawa mpaka usiku, gula Boxer olo TVS ndipo usamvele aliyense. Nimanyansidwa na a ma cruiser amene amapeputsa anyamata a delivery monga mmene a superbike amatipeputsila ise. Ambili mwa anyamata amenewo amayendetsa maola ambili pa wiki imodzi kuposa amene ena a ise timayendetsa pa miyezi iwili.

Komanso liwu lakuti “ya oyamba” lisakupusitseni. Makilogilamu 190 akakugwela pa mwendo fupa limathyoka cimodzi-modzi. Vulcan S, ya injini ya 649cc na horsepower pafupi-fupi 60, imalema kuposa 220, ndipo kwa ine ndiye pothela pa munthu woyamba. Royal Enfield Meteor 350, imene inatuluka mu 2020, ili na horsepower pafupi-fupi 20 ndipo ni yofatsa kwambili, yabwino kwa munthu amene sanakwelepo olo Boxer. Ma Steed na ma DragStar akale ni okongola ndipo mtengo wake umakopa, koma ni a kabuleta ndipo alibe ABS, makina amene amaletsa tayala kukakamila ukafinya buleki mwamantha. Wophunzila amafinya mwamantha. Ku Europe njinga zatsopano zopitilila 125cc zimakakamizidwa kukhala na ABS, koma ku misika ina Rebel imagulitsidwanso yopanda, conco pogula gwada uyang'ane pa tayala lakutsogolo ngati pali kamphete ka timabowo pafupi na disiki ya buleki.

Pa ndalama m'pamene bodza lija limaluma kwambili. Mnyamata amaona superbike yakale pa Facebook, mtengo wake wofanana na wa 500 yabwino, n'kuganiza kuti watola mwayi. Sadzifunsa cifukwa cake mwiniwake afuna kuitaya. Mapulasitiki atsopano amabisa felemu yopindika, cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyelele. Ndalama zonse za cilimba zimathela pa njingayo, zina n'kukatenga kwa a kaloba. Tayala lakumbuyo likatha, ndipo pa njinga zimenezo limatha msanga, amayendela lomwelo mpaka mawaya kuonekela. Helemeti amabweleka ya mnzake wa delivery, yosamanga lamba. Nsapato ni ma tropiko. Uyu ndiye “mwamuna” amene amadala aja amupanga.

Amene wagula njinga yapakati amatsalako na ya inshuwalansi, ya road tax na ya zovala. Jekete yacikumba, magolovesi na nsapato zobisa akakolo ungazipeze ku salaula, ndipo palibe colakwika. Helemeti yokha ndiyo usagule ku salaula. M'kati mwake muli foamu yolimba imene nchito yake ni kuphwanyika m'malo mwa mutu wako, ndipo imaphwanyika kamodzi cabe. Helemeti imene inagwapo na munthu ingaoneke yatsopano kunja pamene m'kati inatha kale nchito.

Kwa imwe amadala a pa filling station: ena a imwe mumayendetsa bwino zoona, ndipo munayambila pa ma AG 200 a mabungwe na ma honda a kumudzi, mukugwa m'mcenga popanda woona. Mbili imeneyo mumaibisa mwana akakufunsani. Mumamuuza za kumene mwafika, osamuuza kumene munadzela, ndiye pa malilo mumabwela m'mzela na njinga zanu kuliza injini kuti mwapeleka ulemu. Amayi ake saona ulemu uliwonse pamenepo.

Ngati mukali kuumilila kuti 500 ni ya amantha, tiyeni tikumane pa Ciwelu m'mawa pamalo oimika mamotoka opanda anthu. Tidzandandalika mabotolo a madzi 8, motalikilana mamita 4, n'kupita pakati pake mokhota-khota popanda kuponda pansi. Tikatsiliza, aliyense atembenuze njinga yake m'malo a mamotoka atatu, kumanja na kumanzele, kenako aime mwadzidzidzi pa 50 tiyeze na tepi. Mabotolo na tepi nidzabweletsa ine. Imwe bweletsani R1, na mnyamata uja munamuseka kuti adzaonelele.