NCHITO ZA PA NYUMBA ZILEMBEDWE, NDIPO AWIRI AZIDZIWE

Mwezi wa Okutobala ukafika, nyumba iri yonse m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi imakhala ndi nchito zoposa manja a eni ace. Munda ufuna kusosa, denga lifuna udzu mvula isanagwe, ng'ombe ziyenera kupita ku dibi kuti nkhupakupa zisabweretse cigodola, ndiponso ndalama ya mlimi ya feteleza wa FISP iyenera kulipiridwa pa nthawi yace.

Codandaulitsa ncakuti m'mabanja ambiri nchito zonsezi zimakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, kawiri-kawiri bambo. Iye akadwala nagonekedwa ku cipatala ca St Francis, kapena akakwera basi kukafuna nchito ku Lusaka, pa khomo pamagwa cisokonezo. Mai sadziwa ngati ku kopaletivu kunalipiridwa, sadziwa ngongole ya mbeu ya thonje, sadziwanso amene anabwereka pulawo. Pofunsa-funsa, masiku alikupita.

Ulimi sudikira munthu. Feteleza wa D Compound amathira pobzala, ndipo Urea amatsatira cimanga cikakula masabata anai kapena asanu. Wocedwa kupalira agawana cakudya ca mbeu zace ndi udzu. Alimi a Kum'mawa sanaiwale cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, anacilengeza pa 29 Febuluwale caka comweco kuti ndi tsoka la dziko lonse. Mvula ikakhala yosadalirika cotere, banja silingataye sabata yathunthu cifukwa cabe cakuti wodziwa zocita palibe.

Mankhwala ace ndi ochipa: kabuku ka sukulu ndi pensulo. Bambo ndi mai akhale pansi usiku ana atagona, alembe nchito iri yonse, tsiku lace, woicita ndi ndalama imene ifunika. Yatha aidule ndi mzera. Pamene pali mai wamasiye kapena nkhalamba, mnzace wa kabukuko akhale mwana wamkulu kapena mlongo wokhulupirika. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Ena adzati za m'nyumba saulula, ndipo mwambo wa Acewa uli kumbali yao. Alangizi ndi ankhoswe amaphunzitsadi cimeneci pa ukwati. Koma cinsinsi cimene iwo amanena ndi cobisira anthu akunja, osati mkazi amene amasenza madzi ndi kugwira khasu pa munda womwewo. Bambo amene amabisira mkazi wace mtengo umene anagulitsira soya, koma nkumauchula mokweza pa mowa, wautembenuza mwambo cadodolido.

Kusunga cinsinsi cotere kunali kobvuta kale. Amuna a dziko la Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, akapita ku migodi ndi ku mapulazi a Southern Rhodesia, makalata ao anali kuwerengedwa ndi mphunzitsi kapena mwana wa sukulu, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti kwa uje kwabwera ndalama. Lero foni yacotsa bvuto limeneli. Amene ali kutali angathe kutumiza mndandanda wa nchito kwa mkazi wace yekha, ndipo ngati wina sadziwa kuwerenga, mau ojambulidwa pa WhatsApp amveka bwino lomwe.

Komabe foni nayo iri ndi misampha yace. Uthenga wonena za ndalama ukaponyedwa m'gulu la WhatsApp la abale onse, kapena la mpingo, mawa lace pa khomo pamadzaza obwereka. Foni yobwereka kwa mnansi, kapena yosiyidwa ku sitolo kuti ilowe moto, ingawerengedwe ndi ali yense. Cotero uthenga wa za ndalama uyenera kufafanizidwa wolandira akangoukopera m'kabuku, ndipo kabukuko kasungidwe m'cikwama pamodzi ndi zitupa ndi makhadi a ana a ku sikelo.

Cinthu cimodzi cokha sicifunika kulembedwa konse, m'kabuku ngakhale m'foni: nambala yacinsinsi ya Airtel Money kapena MTN. Imeneyo awiriwo auzane pakamwa. Ndipo uthenga ukabwera pa nambala yacilendo wonena kuti "ndine mwamuna wako, tumiza ndalama pano", mai ayambe waimbira bambo pa nambala imene aidziwa, amve liu lace, asanatumize ngakhale ngwee imodzi.