Pakhomo Pathu: Dontho Limodzi Likwana

Kuno ku Lundazi kulibe njanji. Yapafupi nafe ndi ya Chipata mpaka Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010. Komabe ana athu amapanga sitima zawo ndi waya ndi zitini, namazikoka m'fumbi la pabwalo. Mawilo akayamba kulira, ife makolo tisathiremo oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto: amaononga khungu la mwana, ndipo amakola mchenga umene umadya chitsulo. Tiyambe tapukuta fumbi ndi dzimbiri, kenaka tidontheze dontho limodzi la mafuta a makina osokera pamene wilo limazungulira. Nsonga za waya tizipinde, kuopa kubaya. Mvula ikabwera, sitima ilowe m'nyumba. Mwana wophunzira kusamala kasitima kake sadzalekerera njinga ya banja kuchita dzimbiri.