Zithunzi za Medu sizinali zopirira ayi

Pali mawu amodzi amene akundinyansa masiku ano. Akatswiri a zojambula akaona zithunzi zodinda za nthawi ya tsankho ku South Africa, amathamangira kunena kuti ndi chizindikiro cha kupirira. Kupirira kotani? Wopirira ndi bulu amene amasenza katundu ali chete. Anyamata ndi atsikana a gulu la Medu sanakhale chete.

Inu amene munalawako moyo wothawa kwanu mukudziwa zimene ndikunena. Gululi linayamba mu 1979 ku Gaborone, m'dziko la Botswana, ndipo ambiri mwa iwo anali othawa boma la azungu, monga mlakatuli Mongane Wally Serote ndi wojambula Thami Mnyele. Zida zawo zinali zosauka: nsalu yopyapyala yokunga pa felemu, utoto, ndi kampira kokokera utotowo. Komatu mphamvu yake inali pomwepo. Chithunzi cha penti chimakhala chimodzi, wapolisi akachilanda nkhani yatha. Chodinda chimabereka. Walanda khumi, zina zawoloka kale malire mobisa, mawa zamatidwa pakhoma.

Taonani chithunzi chimene Judy Seidman anajambula mu 1981, chokumbukira amayi amene anaguba ku Pretoria mu 1956 kukana ziphaso. Mayi wakweza mkono, unyolo waduka. Kodi ameneyu ndi mayi wodikira kuti zinthu zidzasintha zokha? Iyayi, ameneyu akuopseza boma, ndipo boma linamva. Nchifukwa chake linkaletsa zithunzi zotere.

Ena amati izi si luso koma ndale chabe. Ndale inde, nanga munthu nyumba ikupsa ajambule maluwa? Asilikali a Pretoria sanavutike ndi mtsutso umenewu. Pa 14 June 1985 anawoloka malire usiku, nalowa mu Gaborone ndi kupha anthu 12. Mmodzi mwa iwo anali Mnyele. Medu inathera pomwepo.

Mu 2019 zithunzi za gululi zinaonetsedwa ku Art Institute of Chicago. Sindikudana nazo, bola zasungika. Chimene ndikukana ndi kuzisandutsa zokongoletsa pabalaza, nkumapukusa mutu kuti anthu akuda amadziwa kupirira. Mawu amenewa amakomera olamulira, chifukwa munthu woyamikiridwa kuti ndi wopirira safunsa kuti anatuma asilikali aja ndani. Amene anawatuma ndi boma la P.W. Botha.