Makiyi a holo ali ndi ndani?

Amayi anzanga, ndikufunseni kanthu musanatembenuze tsamba lino. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, m'holo ya parishi yanu mumachitika chiyani? Yankho la ambiri ndikulidziwa: mumakhala mipando yosanjikiza, akangaude ndi mileme. Imatsekulidwa Loweruka kukakhala ukwati wolipira, kapena tsiku la msonkhano wa komiti. Masiku enawo pachitseko pamalendewera loko wamkulu, makiyi ali m'thumba la munthu mmodzi amene kumupeza kwake n'kovuta.

Ine ndinali m'gulu la anthu amene anakweza dzanja kuti holo ina itsekedwe. Papita zaka ndithu. Achinyamata ankaphunziriramo zisudzo ndi magule madzulo, ndipo tsiku lina anathyola mabenchi awiri ndi galasi la pawindo. Pa msonkhano ndinalankhula mokalipa kuti nyumba ya Mpingo si bwalo la masewera. Anthu anawomba m'manja, loko anagulidwa. Patatha chaka ndi miyezi, ndili pa ntchito usiku pamodzi ndi ophunzira anga a uzamba, kunabwera mtsikana wa zaka 16, matenda atayamba kale. Ululu ukamugwira sankakuwa ngati anzake, ankang'ung'udza nyimbo chapansipansi. Mawu akewo ndinawazindikira ndisanayang'anitsitse nkhope. Anali mmodzi wa ana aja. Anachira bwino, mwana wamwamuna, koma sukulu inathera pomwepo. Ndikati loko uja ndiye anamupatsa pathupi ndiye kuti ndikunama. Koma m'mawa mwake nditamufunsa kumene ankakhala madzulo gulu lawo litabalalika, anati ku vidiyo, kuseri kwa msika. Kunalibe kwina kopita.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Ife a zaumoyo timayankha ndi uphungu, mapepala a pakhoma ndi misonkhano. Zonsezo n'zofunika. Koma uphungu umatha pa ola limodzi, pamene mwana ali ndi madzulo asanu ndi awiri pa sabata oti awathere penapake.

Tikamanena za chitukuko cha tawuni, maganizo athu amathamangira ku phula, mipopi ya madzi, magetsi ndi msika wa malata. Ine ndiwonjezerapo china chimene makhansala sachitchula kawirikawiri: malo amene anthu angasonkhane kuimba, kuvina, kuseka ndi kuonetsa ntchito za manja awo, popanda kugula mowa kaye. Tawuni yopanda malo otere imafanana ndi wodwala amene tikumupatsa mankhwala onse oyenera koma iye wasiya kudya ndi kulankhula. Anamwino timamudziwa wodwala wotero, ndipo timamuopa.

Taganizirani za Balaka. Amene munabadwa kale mukukumbukira kuti kunali malo odutsa chabe, otentha, a fumbi, odziwika ndi sitima yapamtunda ndi thonje. Mu 1978, Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha a Montfort wochokera ku Italy, anasonkhanitsa achinyamata a pa parishi n'kuyambitsa Alleluya Band. M'gululi munakulira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, komanso Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena. Kenaka kunabwera situdiyo ya IY, kumene oimba ochokera m'maboma ena ankakwera basi kukajambulitsa nyimbo. M'zaka za m'ma 1990 munthu sukanakwera minibasi kapena kulowa mu msika osamva kaseti ya ku Balaka. Mayimbidwe akumeneko anafika pokhala ndi dzina lawolawo, ndipo dzina la Balaka linayamba kumveka mpaka kunja kwa dziko lino.

Chimene ndikufuna muchione si kutchukako. Pambali pa bandi panakula bungwe la Andiamo, lophunzitsa achinyamata ukalipentala, umakaniki ndi ntchito zina za manja, ndipo pambuyo pake panabwera masukulu ndi chipatala cha Comfort. Bandi ija inkapita ku Italy kukaimba, n'kubwerako ndi abwenzi amene anathandiza ntchito zimenezi. Tawuni yomweyo ndi kumene kuli makina osindikizira mabuku a Montfort, amene anasindikiza kalata ya Aepiskopi ya mu Lenti wa 1992, ija inagwedeza dziko lonse. Sindikuti gitala ndiye anamanga chipatala. Koma gitala anachititsa kuti achinyamata akhale pamodzi tsiku ndi tsiku, aphunzire kusunga nthawi, kumvera mtsogoleri, kusamala chipangizo cha gulu, ndi kuima pamaso pa anthu osanjenjemera. Munthu wophunzira zimenezi ndi amene mawa ungamudalire pa ntchito ina iliyonse. Mavuto ku Balaka alipobe, chilala chimafikabe, ulova ulipo. Koma mwana wa kumeneko amakula akudziwa kuti kwawo kunatuluka chinthu chimene dziko linachimvera, ndipo zimenezo zimamuyendetsa mosiyana.

Tsopano onani za ku Blantyre, kumene zinayenda mobwerera m'mbuyo. Ambiri a ife tinkapita ku French Cultural Centre, ku Chichiri, Lamulungu masana tikachoka ku Misa. Kumeneko tinaonera Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, tinaseka ndi Izeki ndi Jakobo mpaka nthiti kuwawa. Mabanja ankapita ndi ana. Panja pankakhala amayi ogulitsa mtedza, nthochi ndi zitumbuwa, ndipo a minibasi ankadziwa kuti lero kuli anthu. Afalansa atachoka boma linagula malowo, koma asanakonzedwe akuba anathyola n'kutenga katundu, ndipo kwa zaka zambiri anakhala ali bwinja. Magulu a zisudzo anasowa pogwira. Ena anayamba kuonetsera m'malo omwera mowa, kumene mayi sangatenge mwana wake. Nyumba imodzi yokha itawonongeka, mzinda wonse unataya chizolowezi chopita kukaonera zisudzo ngati banja, ndipo chizolowezi chikatha, kuchibwezeretsa n'kovuta kuposa kumanga khoma.

Ndikumva kale mayi wina akuti, "Amayi anamwino, nyimbo sizidyedwa. Kolera watipha kuno mu 2022 ndi 2023, Namondwe Freddy anagumula nyumba zathu, inu mukutiuza za magule?" Mukunena zoona, ndipo ine amene ndaonapo munthu akutha madzi m'thupi ndi kolera sindingakutsutseni. Sewero silikumba ngalande. Ngati ndalama ilipo imodzi yokha, pakati pa mjigo ndi ng'oma, gulani mjigo. Koma kawirikawiri sizikhala choncho. Holo inamangidwa kale. Ng'oma zili kale m'sakristiya. Chimene chikusowa ndi chilolezo ndi munthu wamkulu wokhalapo. Ndiponso dzifunseni kuti uthenga wa zaumoyo umene unakhazikika m'mitu mwanu munaumvera kuti. Ambiri a ife za Edzi tinazimvetsa kudzera m'masewero a pa wailesi monga Tikuferanji ndi Zimachitika, osati m'timabuku ta ku chipatala. Ku sikelo, amayi amaiwala zimene ndalankhula asanatuluke pageti, koma nyimbo imene tinaimba limodzi amakaiimbira anzawo ku chigayo.

Wina anena kuti zoimbaimba zimabweretsa uchidakwa ndi chiwerewere. Zimabweretsadi, zikamachitika usiku, kumalo a mowa, kopanda makolo. N'chifukwa chake ndikulembera inu, osati eni mabala. Achinyamata adzaimba ndi kuvina, mufune musafune. Chimene chili m'manja mwathu ndi malo ndi nthawi yake.

Nanga aja amati magule a makolo ndi zachikunja? Apa ndipempha mukacheze ku Mua. Kumeneko Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa dzina loti Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Amisiri osema ziboliboli a m'midzi yozungulira anaphunzira ndi kupeza chakudya pamenepo, ndipo mitanda ndi zithunzi zawo zili m'matchalitchi ambiri, kuno ndi kunja. Mpingo sunagwe chifukwa cha zimenezo. Pali miyambo ina imene sitingaivomere, makamaka imene imaika mtsikana pangozi, ndipo pa imeneyo ine sindinyengerera. Koma chimtali, chioda, manganje, nyimbo za pamtondo ndi nthano za agogo zinalakwa chiyani? Chigayo chinatichotsera mtondo, n'kutichotseranso nyimbo zake. Mdzukulu wanga amadziwa kuvina zonse za pa foni koma sadziwa nthano ngakhale imodzi yoti n'kuyankha "tili tonse". Vuto si lake. Ife amene tikuzidziwa sitinamuphunzitse.

Palinso mbali ya ndalama, imene amayi a banki m'khonde muimvetsa msanga. Anthu akasonkhana, malonda amayenda. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, othawa kwawo anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, motsogozedwa ndi mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume. Kulowa n'kwaulere, koma alendo amagula chakudya, zovala ndi zosemasema, ena amalipira kugona m'nyumba za anthu a pa kampupo. Ngati anthu okhala mu msasa anatha kukokera alendo kwawo ndi nyimbo ndi ndakatulo, parishi ya m'tawuni, yokhala ndi holo, bwalo ndi makwaya anayi, ilephera bwanji kukhala ndi tsiku limodzi pa mwezi limene wophika mandazi, wosoka, woluka mikeka ndi wa kabaza angapezepo kangachepe?

Chimene ndikupempha si chachikulu. Pitani kwa Bambo Mfumu ndi a komiti ya parishi, mupemphe holo masana awiri pa sabata, kuyambira ana akaweruka ku sukulu mpaka 5 koloko, kuti aliyense afike kunyumba kusanade. Amayi awiri azikhalapo mosinthana, monga mmene timachitira pokonza m'tchalitchi. Asakhale apolisi, angokhala ndi zoluka zawo pakona, maso ali pa ana. Chimbudzi chikhale chotsekula, madzi ndi sopo zilipo, chifukwa mtsikana amene ali kumwezi sabwera kumalo opanda zimenezi, ndipo sadzakuuzani chifukwa chake. Atsikana amene anabereka kale musawabweze pakhomo. Amenewo ndiwo akufunika kwambiri malo otere, abwere ndi ana awo kumsana. Ana a mipingo ina ndi a Chisilamu nawonso alowe, popeza msika umene tikuwachotsako susankha mpingo.

Pa ndalama za maukwati, pemphani kuti gawo lina lizipatulidwa lokonzera mabenchi, chifukwa adzathyokanso ndithu. Benchi limakhomedwa ndi misomali ya ndalama zochepa. Ine ndinaliwerengera mtengo woposa wa mwana, ndipo ndinalakwa. Pa gawo lomwelo muzichotsapo kothokozera ophunzitsa. Tili ndi khalidwe loipa lofuna kuti woimba ng'oma, wojambula ndi wophunzitsa kwaya azigwira ntchito yaulere nthawi zonse, pamene wokhoma denga timamulipira osawiringula. Kenaka timadabwa akapita kukaimba kumabala.

Chinthu china, ndipo apa ndikudzudzula anzanga a zaumoyo ndi ine ndemwe: musakakamize kuti sewero lililonse likhale la matenda. Ana atopa ndi zisudzo zimene mtsikana amatenga pathupi, kudwala, kufa, kenaka wina n'kuima kutsogolo kulangiza. Alekeni apange zoseketsa, za chikondi, za apongozi, za mtsogoleri wa Mphakati wokonda kutalikitsa mapemphero. Mukamaonera muli chete mudzamva zimene zili m'mitima mwawo, zimene sanganene pa uphungu. Ine nkhani ya mphunzitsi wina amene ankavutitsa atsikana ndinaimvera koyamba m'sewero la ana, anthu onse akuseka. Titafufuza tinapeza kuti sizinali zopeka.

Mukamakumana ndi khansala wa dera lanu, mufunseninso za mabwalo. M'matawuni athu malo amene ana ankasewererapo akusanduka mapuloti, mpanda wa njerwa n'kuzungulira usiku umodzi. Amayi mukafunsa ngati gulu, mutavala yunifolomu yanu, amakumverani kuposa mmene angamvere namwino mmodzi.

Pa 22 Novembala timakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba. Ngati bungwe lanu liyamba kukambirana mwezi uno, pofika tsiku limenelo ana angakhale atakonzeka kuonetsa kanthu pamaso pa parishi yonse. Pa msonkhano wanu ukubwerawu, mlembi alembe mafunso awiri pa mndandanda wa zokambirana: makiyi a holo amasunga ndani, ndipo chaka chathachi maukwati analowetsa ndalama zingati.