Za Umoyo Wathu: Maulendo Anayi

Katemera wa malungo wotchedwa RTS,S anapangidwa m'chaka cha 1987, koma bungwe la zaumoyo la WHO linamuvomereza mu 2021. Zaka 34 za kufufuza ndi kuyesa! Pamene anayamba kumupereka m'zipatala mu 2019, dziko loyamba linali Malaŵi, kenaka Ghana ndi Kenya.

Katemerayu amaphunzitsa thupi kugwira kachirombo kochokera kwa udzudzu kasanakhazikike m'chiŵindi. Komatu mphamvu yake imacheperachepera m'kupita kwa miyezi. Nchifukwa chake mwana ayenera kubayidwa kanayi, ndiponso kugonabe m'masikito.

Inu amene katemerayu wafika kwanu, musalekezere panjira. Ofufuza aja anapirira zaka 34. Kodi ife maulendo anayi okha atikanike?