Wotchi yoyamba ya mwana isagulidwe ndi maso okha

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikangotuluka, maminibasi ochokera ku Chiradzulu Boma, Mbulumbuzi, Namitambo ndi Nguludi amanyamula makolo opita ku Limbe atapinda kapepala m'thumba. Pakapepalapo pamakhala sutikesi, bulangete, ndowa, nsapato zakuda, makope ndi yunifolomu ya mwana amene wasankhidwa kupita ku Fomu 1. Wotchi ya pamkono, ikakumbukiridwa n'komwe, imagulidwa pamapeto penipeni ndi ndalama zotsala, kwa mnyamata woyenda nazo m'manja padepoti, minibasi yobwerera kumudzi ikuliza kale hutala.

Zomwe zimatsatira n'zodziwika kwa kholo lililonse. Teremu isanathe, galasi la wotchiyo lachita nkhungu m'kati, lamba waduka, kapena chiwotchi chachikulu chija chakhala chikuzungulira pamkono ngati chibangili mpaka chavuka pamjigo. Ndalama yapita, mwana wabwereranso kofunsa nthawi kwa anzake.

Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, koma si yaing'ono kubanja lomwe lagulitsa nandolo kapena mbuzi kuti mwana ayambe sukulu. Wotchi yoyamba ya mwana iyenera kusankhidwa ngati mmene mlimi amasankhira khasu. Amaligwira, amamva kulemera kwake, amaona ngati mpini ukumuyenera. Palibe mlimi amene amagula khasu kaamba koti likunyezimira.

Ena afunsa kuti wotchi n'njachiyani masiku ano pomwe foni iliyonse imaonetsa nthawi. Yankho lili m'boma lomweli. Sukulu zambiri za sekondale sizilola ophunzira kusunga foni, ndipo kupezeka nayo m'chipinda cholembera mayeso a bungwe la Maneb ndi mlandu. Nyumba zambiri za kumidzi zilibe magetsi a Escom, choncho foni ikazima imadikira tsiku lokatchajitsa pagolosale. Komanso m'mabanja ambiri foni imakhala imodzi, ndipo imayenda ndi bambo kapena mayi. Mwana wa pasekondale yoyendera, amene amanyamuka kukali mdima, amatsala ndi tambala basi. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Chiradzulu, ngakhale mthunzi suthandiza kudziwa ngati belu latsala pang'ono kulira.

Palinso chifukwa china chachikulu kuposa belu la kusukulu. Chiradzulu ndi boma lomwe bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kuperekako mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV m'chaka cha 2001, zaka zitatu boma la Malawi lisanayambe kupereka mankhwalawa ulere m'dziko lonse mu 2004. Ana ambiri amene adabadwa ndi kachilombo ka HIV akula, ndipo ena ali m'makalasi lero. Mankhwala awo amafuna kumwedwa tsiku ndi tsiku panthawi yofanana, chimodzimodzinso a khunyu. Kwa mwana wotere amene akugonera kusukulu, kutali ndi mayi kapena agogo omwe ankamukumbutsa, alamu ya pawotchi imagwira ntchito yomwe kholo linkagwira. Ubwino wake ngwakuti wotchi siulula chinsinsi cha munthu, poti mwana aliyense angathe kuvala.

Tsono ngati wotchi ndi chida, isankhidwe bwanji?

Poyambira ndi pamkono wa mwiniwakeyo. Kholo litenge kaulusi, lizunguze pamkono wa mwana pamwamba pang'ono pa kafupa kotuluka kaja, kenako liyeze kaulusiko palula. Mkono womwe sukupitirira masentimita 15 kapena 16, monga ilili mikono ya ana ambiri a Fomu 1 ngakhalenso ya amayi ambiri, umayenerana ndi wotchi ya mamilimita apakati pa 30 ndi 38 m'lifupi. Wosafuna zowerengera manambala angoyang'ana nsonga zomwe lamba amagwirapo. Zikatuluka kunja kwa mkono, wotchiyo yakula. Wotchi yotere imakola m'zitseko, imagunda padesiki ndi pandowa, ndipo imaphwanyika msanga ngakhale itakhala yolimba chotani.

Chizolowezi chogulira mwana chinthu chachikulu kuti akule nacho chimagwira ntchito pa juzi, osati pa wotchi. Chofunika kukula ndi mwana ndi lamba. Akamanga, pazitsala mabowo awiri kapena atatu oti adzasunthirepo, ndipo chala chaching'ono chizitha kulowa pansi pa lambayo. Lamba wa mphira kapena wa nayiloni ndiye woyenera ntchito za tsiku ndi tsiku. Wachikopa amaola ndi thukuta komanso madzi. Wachitsulo amafuna wokonza mawotchi kuti amuchepetse, ndipo zitsulo zotchipa zimayabwa ndi kutulutsa tiziphuphu pakhungu la anthu ena.

Apa ndi pomwe anyamata ambiri amakanirira. Amafuna G-Shock, chifukwa ndiyo yatchuka ndi kulimba. Kutchukako n'koona. Wotchiyi idatuluka ku Japan m'chaka cha 1983, injiniya wa kampani ya Casio, Kikuo Ibe, atawawidwa mtima kuti wotchi yomwe adampatsa bambo ake idasweka itagwa pansi. Cholinga chake chidali wotchi yoti isasweke itagwa kuchoka pamtunda wa mamita 10, ipirire madzi akuya mamita 100, ndipo batire lake likhale zaka 10. Koma mitundu yambiri ya G-Shock yomwe anyamata amasirira imapitirira mamilimita 50, ndipo idapangidwira mikono ya akuluakulu. Kampani yomweyo idaona vutoli, n'chifukwa chake mu 1994 idatulutsa Baby-G ya mikono ing'onoing'ono. Chinanso choti makolo adziwe n'chakuti G-Shock yeniyeni sigulitsidwa pamtengo wa nkhuku imodzi. Yomwe ikugulitsidwa pamtengo wotero yangobwereka dzina.

Kulimba sikuli pa kukula. Chitsanzo ndi kawotchi kakuda ka manambala kotchedwa F-91W, komwe Casio idayamba kupanga mu 1989 ndipo ikupangabe. Kamalemera magalamu 21 okha, m'lifupi mwake ndi mamilimita pafupifupi 35, kali ndi alamu ndi kanyali koonera usiku, ndipo batire lake limatha kufika zaka 7. Chifukwa chopepuka, kakagwa sikamenyetseka mwamphamvu, ndipo chifukwa chophwatalala sikakola paliponse. Iyi si nkhani yotsatsa malonda a kampani imodzi. Ilipo mitundu ina monga Q&Q yomwenso ili ndi mawotchi ang'onoang'ono otsika mtengo. Mfundo ndi yakuti wogula afunefune kupepuka, kuphwatalala ndi batire lokhalitsa, dzina libwere pambuyo.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsidwa ndi zolembedwa kuseri kwa wotchi. Manambala amenewa amanena za mphamvu ya madzi odekha yomwe wotchi idayesedwa nayo kufakitale, osati kuya komwe munthu angasambire nayo. Wotchi yongolembedwa Water Resist, 30M kapena 3 BAR imapirira mvula ndi kusamba m'manja basi, ndipo F-91W ili m'gulu limeneli. Ya 50M imapirirako zochulukirapo. Koma mwana amene amachapa yekha, amatunga madzi pamjigo m'mawa uliwonse, kapena amawoloka Mombezi nthawi ya dzinja, amafunika ya 100M kapena 10 BAR. Zoterezi za mikono ing'onoing'ono ziliko, monga ya mivi yotchedwa LRW-200H. Ngakhale zili choncho, sopo ndi madzi otentha zimafooketsa kamphira kotchinga madzi kam'kati, ndipo kudina mabatani wotchi ili m'madzi n'kutsegulira madziwo khomo. Mwana aphunzire kuvula wotchi pochapa ndi posamba.

Chachitatu ndi funso lakuti ikhale ya mivi kapena ya manambala. Ya manambala ndiyo imakhala ndi alamu ndi nyali, choncho ndiyo yoyenera mwana womwa mankhwala kapena wodzuka usiku kuti awerenge. Ya mivi imathandiza wophunzira kuona ndi diso limodzi kuti nthawi yatsala yochuluka bwanji, luso lomwe limapulumutsa ambiri pamayeso. Ikakhala ya mivi, ikhale ndi muvi wa masekondi komanso manambala onse 12 ooneka bwino. Muvi umenewu si chokongoletsera. Ophunzira unamwino ngati a ku St Joseph's ku Nguludi amaudalira powerenga kugunda kwa mtima, ndipo alangizi a zaumoyo m'midzi amawerenga kapumidwe ka mwana kwa mphindi imodzi pofuna kudziwa ngati ali ndi chibayo. Malinga ndi bungwe la World Health Organisation, mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 wopuma maulendo 50 kapena kuposerapo pamphindi, kapena wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka zisanu wopuma maulendo 40, akupuma mothamanga ndipo afunika kuonedwa ndi achipatala.

Mawotchi amakono olumikizana ndi foni, omwe adzaza m'misika masiku ano, asakhale wotchi yoyamba ya mwana wa sukulu. Amafuna kutchaja pafupipafupi, galasi lake silichedwa kusweka, ndipo aphunzitsi ali ndi chifukwa chomveka chowaletsera ngati mmene amaletsera foni. Kholo lifunse mphunzitsi wamkulu za zomwe zimaloledwa lisanatulutse ndalama. Safunsa adadya phula.

Chachinayi, chomwe ndi gwero la madandaulo ambiri, ndi katundu wachinyengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja idakwera, ndipo n'zosadabwitsa kuti kholo limathamangira chotchipa chomwe chili ndi dzina lodziwika. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula ayang'ane ngati zilembo zili zoongoka, ngati mabatani onse akugwira ntchito, ndiponso ngati timivi tating'ono tokongoletsa nkhope ya wotchi tikuyenda kapena n'tongomata. Pa F-91W yeniyeni, munthu akadina batani la kumanja kwa masekondi atatu osasiya, pagalasi pamatuluka dzina la kampaniyo, ngakhale kuti achinyengo ena adaphunzira kutengeranso zimenezi. Mayeso osanama ndi a nthawi yeniyeniyo. Kholo litchere wotchiyo ndi nthawi ya nkhani za pawailesi, lidikire sabata imodzi. Wotchi yabwino ya batire sitaya ngakhale mphindi imodzi pamwezi. Yomwe yataya mphindi zingapo pasabata ibwezedwe.

Koma ibwezedwa kuti ngati idagulidwa pazenera la minibasi? N'chifukwa chake wotchi iyenera kugulidwa kwa munthu amene ali ndi malo okhazikika, amene angalembe lisiti ndi kuvomera kuti ikavuta ayisintha. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu amene apusitsidwa pamalonda. Popanda lisiti, dandaulo lilibe miyendo. Nawonso mabungwe a Malawi Bureau of Standards ndi Malawi Revenue Authority, omwe amaona katundu wolowa m'dziko muno, asaone katundu wamng'ono ngati uyu kukhala wosafunika kumulondoloza. Amene amaluza pa wotchi yachinyengo ndi munthu wosauka, amene sangathe kugula kawiri.

Pali chenjezo limodzi lomwe ogulitsa sanena. Timabatire tozungulira ta mawotchi n'toopsa kwa ana aang'ono. Kabatire kotere kakamezedwa n'kutsakamira kukhosi, kangathe kuotcha njira ya chakudya m'maola awiri okha. Batire lakutha lisatayidwe pabwalo pomwe makanda amakwawa, ndipo wotchi yophwasuka isasanduke chidole. Mwana akameza, asamukakamize kusanza, koma athamangire naye kuchipatala cha boma cha Chiradzulu, cha St Joseph's ku Nguludi kapena china chilichonse chapafupi nthawi yomweyo.

Ena anena kuti m'chaka choti ufa ukusowa m'nyumba, kukamba za wotchi n'kulota masana. Akunena zoona pa mfundo imodzi: wotchi singapose chakudya, makope kapena nsapato. Banja lomwe silingakwanitse lero lisachite manyazi, ndipo lisakongole ndalama chifukwa cha wotchi. Koma n'chifukwa cha umphawi womwewo kuti kugula mwachisawawa kuli kolakwika. Ndi bwino kudikira teremu imodzi n'kugula wotchi imodzi yomwe ifike nayo mwana ku Fomu 4, kusiyana n'kugula zitatu zakufa m'chaka chimodzi. Wotchi yeniyeni yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ya pakaunjika kaya yosiyidwa ndi malume, ikaikidwa batire ndi lamba watsopano kwa wokonza mawotchi wodziwa ntchito yake, imaposa yatsopano yachinyengo. Chofunika n'kuonetsetsa kuti wokonzayo wabwezeretsa bwino kamphira kaja potseka.

Choncho kholo lomwe likukonza ulendo wa ku Limbe liwonjezere zinthu ziwiri pa kapepala kaja: kaulusi koyezera mkono wa mwana, ndi mawu okumbutsa kufunsa lisiti. Ngati ndalama ya minibasi ikulola, mwanayo apite nawo, ayese yekha wotchiyo, agwedeze mkono, aone ngati ikukhazikika. Akafika kunyumba aphunzitsidwe kutchera alamu, kuvula pochapa ndi kusabwereketsa. M'mera m'poyamba. Mwana amene waphunzira kusamala wotchi yake ndi kumvera zomwe ikumuuza sadzadikira kuti wina amukumbutse za belu, za mayeso kapena za mankhwala ake.